KODI OLOSERA NYENGO NDI MASAMU TINGAWAKHULUPIRIRE?



Pa tsiku la 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la mtundu wonse. Mwa mahekitala a cimanga oposa 2 miliyoni amene alimi anabzala, pafupi-fupi 1 miliyoni anapserera m'minda. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti pofika mwezi wa Okutobala, mwa makina 6 opukusa magetsi ku tsidya lino la damu, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. M'makomboni ambiri malaiti anali kuzima maola 20 ndi kuposerapo pa tsiku limodzi. Owocherera zitsulo, ometa tsitsi ndi eni zigayo anakhala manja lende, ndipo mtengo wa unga ndi wa makala unakwera.

Tsono anthu ophunzira za nyengo ali kunena kuti dziko lapansi liri kutentherabe, ndi kuti zilala zidzabwera kawiri-kawiri m'maiko a kumwera kwa Africa. Akafunsidwa kuti adziwa bwanji, amaloza ku makina a kompyuta, m'mene anamangamo cifanizo ca dziko lapansi ndi masamu okha-okha. Pamenepo munthu wanzeru ayenera kufunsa kuti: Kodi anthu amene nthawi zina amaphonya mvula ya Loweruka likudzali, angadziwe bwanji za caka ca 2050? Funso limeneli lifunika yankho loona, pakuti pa mau a anthu amenewa maboma ali kumangirapo madamu, makampani a migodi ali kuwerengerapo magetsi a m'tsogolo, ndipo alimi ali kuuzidwa mbeu zoti abzale.

Njira yoyesera mau a munthu ali yense ndi imodzi: tione zimene ananena kale, ndi kuzilinganiza ndi zimene zinacitika. Mwambi umati, mau a akulu akoma akagonera. Mau a olosera nyengo agonera tsopano zaka zoposa 100, cotero tikhoza kuwazenga mlandu. Tiyeni titsate mbiri yao.

ANTHU A PENSULO NDI PEPALA

Nkhaniyi inayamba makina asanabwere. Mu 1824 Joseph Fourier wa ku France, poganizira kutentha kumene dziko limalandira kucokera ku dzuwa, anaona kuti dziko likadayenera kukhala lozizira koposa m'mene liliri. Iye anati mpweya wozinga dziko ndiwo umasunga kutentha, monga bulangeti limasungira kutentha kwa thupi la munthu. Mu 1856 mai wina wa ku America, Eunice Foote, anaika pa dzuwa mabotolo a mipweya yosiyana-siyana, naona kuti botolo la mpweya wa kaboni dayokisaidi linatentha koposa ena. Mpweya umenewu ndiwo umatuluka pamene tiocha nkhuni, malasha, petulo kapena dizilo. M'nkhani ino tidzangouchula kuti mpweya wa kaboni. Mu 1859 John Tyndall, ku London, anasonyeza ndi zipangizo zace kuti mpweya wa kaboni pamodzi ndi nthunzi ya madzi zimagwira kutentha kocokera pansi kuti kusathawire kumwamba konse.

Woyamba kuika manambala pa nkhaniyi anali Svante Arrhenius wa ku Sweden. Iye anagawa dziko m'zigawo kuyambira kumpoto kufikira kumwera, nakhala miyezi yambiri ali kuwerengera ndi dzanja. Mu 1896 anafalitsa yankho lace, lakuti mpweya wa kaboni ukawirikiza kawiri, dziko lidzatentherapo ndi madigiri 5 kapena 6. Lero tidziwa kuti nambala imeneyi inakulitsa, koma njira yace inali yolunjika. Pamene anaphonya koposa ndi pa nchito za anthu: anayesa kuti padzapita zaka zikwi anthu asanaoche malasha okwanira kucita zimenezi. Sanaone magalimoto, ndege ndi mafakitale amene anali kudza. Cinthu ici mucisunge, cifukwa tidzakomana naconso.

Mu 1938 Guy Callendar wa ku England, katswiri wa makina a nthunzi, anasonkhanitsa zolembedwa za malo 147 opimirako nyengo, napeza kuti dziko linali litatentherapo pang'ono m'zaka 50 zam'mbuyo mwace, ndi kuti mpweya wa kaboni unali utaculuka. Akatswiri ambiri a masiku amenewo sanamsamale.

WOYENDETSA AMBULANSI NDI MASAMU ACE

Mu 1904 Vilhelm Bjerknes wa ku Norway ananena kuti mphepo, mitambo ndi mvula zimatsata malamulo a cilengedwe monga amacitira madzi a m'paipi, ndi kuti munthu wodziwa bwino m'mene kuthambo kuliri lero akhoza kuwerengera m'mene kudzakhalire mawa. Amene anayesa kucita cimeneci ndi Lewis Fry Richardson wa ku England. Iye anali wa mpingo wa Quaker, wosalola kugwira mfuti, cotero pa nkhondo yaikulu yoyamba anali kuyendetsa ambulansi ku France. Pa nthawi zopuma anali kuwerengera nyengo ya maola 6 okha a tsiku la 20 Meyi 1910, tsiku limene zopima zace zinali zitalembedwa kale. Nchitoyo inamtengera ngati milungu 6. Mapepala ace anatayika mu 1917, napezeka patapita miyezi pansi pa mulu wa malasha.

Yankho lace linali lolakwika kotheratu. Masamu anati kulemera kwa mpweya kudzakwera ndi mamiliba 145 m'maola 6, pamene tsikulo kulemera kwa mpweya sikunasinthe kweni-kweni. Koma Richardson sanabise. Mu 1922 anasindikiza zonse m'buku, njira yace ndi colakwa comwe, nanena kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera pamodzi kuti alosere nyengo ya dziko lonse isanafike. Patapita zaka zambiri Peter Lynch wa ku Ireland anabwereza masamu omwewo pa kompyuta, napeza kuti cilema cinali m'manambala oyambira amene sanasalazidwe bwino. Atawakonza, yankho linatuluka lolongosoka.

MAKINA AFIKA

Anthu 64,000 aja sanalembedwe nchito, pakuti m'malo mwao munabwera makina. Mu 1950 gulu la Jule Charney ndi John von Neumann ku America linagwiritsa nchito kompyuta yochedwa ENIAC, yolemera matani ngati 30, yokhala ndi mavalavu pafupi-fupi 18,000. Kumbukirani kuti wailesi ya Saucepan, imene inafika m'dziko lino mu 1949, inali ndi mavalavu 4 okha. Makinawo anatenga ngati maola 24 kulosera nyengo ya maola 24, koma zimene anatulutsa zinafananako ndi zoona. Mu 1956 Norman Phillips anapanga cifanizo coyamba cosonyeza mayendedwe a mphepo zazikulu za dziko.

Kodi cifanizo cotere ndi ciani? Inu a pa mgodi mudzamva msanga. Monga mgodi uli ndi malevulo otsika pansi, akatswiri amagawa mlengalenga m'malevulo okwera kumwamba, ndi nyanja zamcere m'malevulo otsika kunsi. Levulo iri yonse amaidula m'zipinda, ndipo m'zifanizo zambiri cipinda cimodzi cimatalika ngati makilomita 100, monga kucokera ku Ndola kufika ku Chingola. M'cipinda ciri conse amalembamo kutentha, cinyezi, kulemera kwa mpweya ndi kumene mphepo ilowera. Pamenepo makina amawerengera, mwa malamulo a cilengedwe, zimene cipinda cimodzi cidzapatsira cinzace m'mphindi zowerengeka. Akatha amabwereza, ndi kubwerezanso, kufikira zaka 100 zitakwanira. Mulibe ula m'menemo. Malamulo ace ndi omwewo amene ainjiniya amatsata poponya mpweya wabwino pansi pa mgodi ndi popopa madzi.

Komatu mu 1961 Edward Lorenz wa ku America anapeza cinthu cimene cinadulira makinawa malire. Pobwereza masamu ena pa kompyuta yace, analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, poyesa kuti kusiyana kwace nkwacabe. Poyamba mayankho awiriwo anayendera pamodzi, koma pambuyo pace anapatukana kotheratu. Kucokera pamenepo zinadziwika kuti nyengo ya tsiku lakuti-lakuti siingaloseredwe bwino kupitirira milungu iwiri, cifukwa kanthu kakang'ono kosapimidwa lero kamakula kufikira kusanduliza zonse.

Nanga za 2050 angazidziwe bwanji? Apa pali mafunso awiri osiyana. Lina lifunsa kuti kunja kudzaca bwanji tsiku lakuti; lina lifunsa za cikhalidwe ca nyengo pa zaka 30 zoonkhetsedwa pamodzi. Woboola miyala sangakuuzeni kuti mwala uwu kapena uwo uli ndi mkuwa wotani. Koma akaboola maenje ambiri amanena kuti mwa matani 100 a miyala ya dera lino mudzatuluka matani akuti a mkuwa, ndipo pa mau amenewo kampani imakumba shafuti ya ndalama zambiri. Momwemonso palibe angakuuzeni ngati pa 10 Okutobala caka ca mawa kudzakhala mitambo, koma ngakhale mwana adziwa kuti Okutobala adzatentha kuposa Juni. Cikhalidwe ca nyengo cimatsata kutentha kolowa ndi kutentha kotuluka, ndipo zimenezi zitheka kuwerengeredwa.

MAU AO PA MUYESO

Mu 1958 Charles David Keeling anayamba kupima mpweya wa kaboni pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, kutali ndi utsi wa m'mizinda. Anapeza magawo 315 mwa magawo 1 miliyoni a mpweya wonse. Timathovu ta mpweya totsekeredwa m'madzi oundana akale-kale tisonyeza kuti mafakitale asanayambe analipo magawo 280. Mu 2024 anapitirira 420.

Mu 1967 Syukuro Manabe wa ku Japan, ali kugwira nchito ku America pamodzi ndi Richard Wetherald, anawerengera kuti mpweyawu ukawirikiza kawiri, pansi pano padzatentherapo ndi madigiri oposa 2 pang'ono. Ananenanso cinthu cacilendo, cakuti pamene pansi patentha, kuthambo kwa pamwamba, makilomita 20 ndi kuposerapo, kudzazizira. Ici ndi cizindikiro cacikulu, pakuti dzuwa likadakhala ndilo loonjeza moto, pansi ndi pamwamba pomwe pakadatenthera pamodzi. M'zaka zotsatira mabaluni ndi masetilaiti anapeza kuti kumwambako kuli kuzizira ndithu. Mu 1975 awiriwa anapanga cifanizo cacikulupo, cimene cinasonyeza kuti ku Arctic, kumpoto kweni-kweni kwa dziko, kudzatentherapo koposa kwina. Zinacitikadi: kumeneko kwatenthera mofulumira kuposa kawiri liwiro la dziko lonse. Manabe analandira mphotho ya Nobel mu 2021 cifukwa ca nchito imeneyi.

Mu 1979 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Charney yemwe uja linapenda zifanizo zimene zinalipo, nilinena kuti kuwirikiza kwa mpweya wa kaboni kudzabweretsa madigiri ngati 3, koma kuti yankho leni-leni liri pakati pa 1.5 ndi 4.5. Mu 2021 bungwe la IPCC, limene maiko analikhazika mu 1988 kuti lizipenda nkhani zimenezi, linanenanso madigiri 3, niliika malire ace pakati pa 2.5 ndi 4. Patapita zaka 42 nambala ya pakati siinasunthe; cimene cinacepa ndi cikaiko.

Pa 23 Juni 1988 James Hansen wa bungwe la NASA anaima pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington, nanena kuti kutentha kwayamba kale kuoneka. Popeza sanadziwe zimene anthu adzacita, anapereka njira zitatu: ya utsi woculuka, ya pakati, ndi ya utsi wocepetsedwa. Dziko linatentha monga ananenera, koma njira ya pakati, imene iye anaiyesa yoyembekezeka, inakulitsa ndithu. Zifukwa zace zadziwika. Cifanizo cace cinali cofulumira kutentha, ca madigiri oposa 4. Ndiponso mipweya ina yotenthetsa dziko, maka-maka ya m'mafiriji, siinaculuke monga anayesera, cifukwa maiko anaicepetsa potsata pangano la ku Montreal la 1987. Uku ndi kuphonya konga kwa Arrhenius kuja: makina sangadziwe zimene ziri m'mitima ya anthu ndi m'misonkhano ya maboma.

Muyeso wina unabwera wokha. Mu Juni 1991 phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika, niliponya mpweya wa sulufule matani mamiliyoni ambiri kumwamba, kumene unasanduka nkhungu yochinga dzuwa. Gulu la Hansen linaika zimenezi m'cifanizo cao, nililengeza poyera kuti dziko lidzazizira ndi theka la digiri pofika kumapeto kwa 1992, ndi kuti pambuyo pace kutentha kudzabwerera. Zinacitika comweco.

Panalinso nthawi imene zopima ndi zifanizo zinakangana. M'zaka za m'ma 1990 manambala a masetilaiti okonzedwa ku yunivesite ina ya ku Alabama anasonyeza kuti mlengalenga wa m'munsi suli kutentha, ndipo ambiri anati zifanizo zagwidwa bodza. Koma mu 1998 ndi mu 2005 kunapezeka kuti masetilaitiwo anali kutsika pang'ono-pang'ono ndi kusintha ola limene amapitira pa malo. Atakonza zimenezi, manambalawo anasonyeza kutentha.

Potsiriza, mu 2019 Zeke Hausfather ndi anzace anafukula maulosi 17 amene anafalitsidwa kuyambira 1970 kufikira 2007, nawalinganiza ndi zimene zinapimidwa pambuyo pace. Maulosi 10 anagwirizana ndi zoona. Atacotsapo kuphonya kwa pa kuculuka kwa utsi umene anthu anatulutsa, 14 anapezeka olondola. Ndipo caka ca 2024 cinatentha kuposa zaka zonse zolembedwa zam'mbuyo mwace, ndi madigiri ngati 1.5 pamwamba pa zaka za 1850 kufikira 1900.

PAMENE ZIFANIZO ZINAPHONYA

Mboni yoona imanena ndi zoipa zomwe. Kuyambira 1998 kufikira 2012 pamwamba pa dziko panatenthera pang'ono-pang'ono kuposa m'mene zifanizo zambiri zinanenera. Kutentha kwambiri kunali kulowa m'nyanja zamcere, maka-maka ya Pacific, ndipo kuyambira 2014 kunabukanso pamtunda. Ku Arctic madzi oundana a pa nyanja anasungunuka mofulumira kuposa ulosi, kotero kuti mu 2007 ndi mu 2012 akatswiri eni ace anadabwa. Ku Antarctica, kumwera, zifanizo zinati adzacepa, koma anaculuka kufikira 2014, nayamba kucepa pambuyo pace. Ndipo mwa zifanizo zatsopano zimene zinatuluka ca m'ma 2019, zina zinapereka madigiri oposa 5. Akatswiri ataziyesa ndi mbiri ya nyengo zakale anapeza kuti zakulitsa, ndipo IPCC siinazipatse mphamvu yofanana ndi zinzace.

Bvuto lalikulu koposa ndi mitambo ndi mvula. Inu mudziwa kuti mvula ya mabingu ikhoza kugwa ku Nkana, ku Mufulira kuli dzuwa ng'aa. Mtambo wotere ndi waung'ono kwambiri kuposa cipinda ca makilomita 100, cotero makina sauona. Amangoyerekeza nchito yace. Cifukwa cace maulosi a mvula sakhala olimba monga a kutentha. Ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia zifanizo zambiri zinati mvula idzaonjezeka, koma kuyambira m'ma 1980 kufikira m'ma 2000 mvula ya Malichi mpaka Meyi inali kucepa. Podziwa zimenezi akatswiri sadalira cifanizo cimodzi. Amayendetsa zifanizo makumi angapo za maiko osiyana-siyana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pamene zonse zibvomerezana amalankhula molimba, ndipo pamene zisiyana amanena kuti pali cikaiko.

KWATHU KUNO

Wina angati: Ngati ziri conco, bwanji osangotsata zolembedwa za zaka zakale? Mbiri ya Kariba ikuyankheni. Pomanga damulo, kuyambira 1955 kufikira 1959, ainjiniya anadalira zolembedwa za mtsinje wa Zambezi za zaka ngati 50. Mu 1957 kunadza cigumula cacikulu. Mu 1958 kunadza cina ca madzi oculuka pafupi-fupi kawiri, cimene cinakokolola milatho ndi kumiza malo a nchito, kotero kuti anaonjeza zitseko zotayira madzi kucokera pa 4 kufika pa 6. Ngati zakale zinalephera kuwacenjeza m'masiku amenewo, nanga kotani lero, pamene nyengo yeni-yeniyo iri kusintha?

Mvula yathu imamvera kwambiri nyanja ya Pacific. Pa zaka 2 kufikira 7 ziri zonse madzi a kufupi ndi Peru amafunda, cinthu cochedwa El Niño, ndipo kawiri-kawiri kumwera kwa Africa kumacita cilala, monga mu 1992 ndi mu 2016. Mu 1986 Mark Cane ndi Stephen Zebiak analosera El Niño ndi cifanizo kwa nthawi yoyamba, ndipo inabweradi. Mu 1994 Cane ndi anzace anasonyeza kuti zokolola za cimanga ku Zimbabwe zimakwera ndi kutsika motsata madzi a ku Pacific. Cotero mu 1997 akatswiri a maiko a cigawo cino anakomana ku Kadoma, nayamba mwambo wolengeza ulosi wa dzinja caka ndi caka. Caka comweco El Niño inali yaikulu, ndipo anthu anaopa cilala coopsa. Alimi ambiri ku Zimbabwe anacepetsa minda yao, koma mvula inagwa bwino koposa m'mene anaopera, ndipo ena anaona kuti anataya cakudya pacabe. Mu Julai 2023 bungwe loona za nyengo pa dziko lonse linalengezanso kuti El Niño yayamba. Ulendo uno cilala cinafikadi, mvula niidula mu Januwale ndi Febuluwale, pa nthawi imene cimanga cimamasula.

Phunziro lace ndi lakuti ulosi wa dzinja uli ngati mau a sing'anga wa ku cipatala amene anena kuti mwa anthu khumi odwala nthenda iyi ambiri amacira: salonjeza za munthu mmodzi. Ndiponso si cilala ciri conse cimene tinganene kuti cabwera ndi utsi wa mafakitale. Mu Epulo 2024 gulu la akatswiri lochedwa World Weather Attribution linapenda cilala cathu cija ndi zifanizo zomwezi, nilipeza kuti mwini mlandu wamkulu anali El Niño. Anthu ofuna kungoopsa anzao sakadanena cotero.

MLANDU TIUDULE BWANJI?

Pa mgodi miyala ya mkuwa imaikidwa m'magulu atatu: yotsimikizika, yoyembekezeka, ndi yongoganiziridwa. Mau a zifanizo tiwagawe momwemo.

Cotsimikizika ndi kutentha. Pa cimeneci zifanizo zayesedwa zaka 50 ndipo zapambana. Malinga anthu ali kuochabe malasha ndi mafuta, masiku otentha kwambiri adzaculuka, ndipo m'kati mwa kumwera kwa Africa mudzatentherapo koposa dziko lonse poonkhetsa. Kutentha kumaumitsa nthaka ndi kuphwetsa madzi a m'madamu, ngakhale mvula itagwa monga kale.

Coyembekezeka ndi cakuti kumwera kwa dziko lathu, pamodzi ndi Zimbabwe, Botswana ndi Namibia, kudzauma koposa, ndi kuti mvula ikamagwa idzagwa yamphamvu pa nthawi yocepa.

Congoganiziridwa ndi kuculuka kwa mvula ya kumpoto, ku Copperbelt, Luapula ndi North-Western, kumene zifanizo zisiyana. Cimeneci ndi cacikulu kwa ife, pakuti madzi ambiri a ku Kariba ndi a ku Kafue Gorge amacokera kumpoto ndi kumadzulo komweko, ndipo kufikira caka ca cilala cija magetsi oposa magawo 80 mwa 100 a dziko lino anali kucokera ku madzi. Mgodi wonga wa Konkola, umene uli mwa migodi ya madzi ambiri koposa pa dziko lonse, sungakhale popanda mapampu ace ngakhale tsiku limodzi.

Cikaiko cimeneci sicitimasula kuti tigone. Kapitao akakaika denga la pansi pa mgodi sayembekeza kuti mwala uyambe wagwa, amaika mizati. Momwemonso omanga madamu ayenera kukonzekera cilala ndi cigumula comwe, ndipo dziko liyenera kukhala ndi magetsi ena, monga a dzuwa, kuti lisatsamire pa mtsinje wokha. Pafunikanso malo ambiri opimirako mvula, pakuti Africa ali nao ocepa koposa maiko ena, ndipo cifanizo cosayesedwa ndi zopima za kwanu sicingakudziweni bwino. Inu amene mumatumiza ndalama za mbeu ndi feteleza kwa abale a kumudzi, mverani ulosi wa dzinja usanafike mwezi wobzala, ndipo caka ca El Niño muwauze asaike zonse pa cimanga cocedwa kuca, koma abzaleko mapira, cinangwa ndi mbeu zofulumira.

Gawo lalikulu la cikaiko ca 2050 ndi zaka zotsatira liri pa cinthu cimene cinaphonyetsa Arrhenius ndi Hansen, ndico nchito za anthu. Ngati maiko olemera acepetsa utsi wao, zifanizo zisonyeza kutentha kocepa; ngati sacepetsa, zisonyeza koculuka. Ndipo magetsi a dzuwa, a mphepo ndi magalimoto a batire, zonsezi zifuna waya wa mkuwa, umene inu mumakumba.

Makolo anati cakudza siciimba ng'oma. Koma ici caimba kuyambira 1896, ndipo amene anaimva anaisiya yolembedwa kuti ali yense aiyese.